Nsima Ikamabwerera Yosadyedwa: Kusalidwa, Kadyedwe ndi Kuvutika Maganizo Pakati pa Ophunzira ku Tete

Mphunzitsi wa ku Samora Machel, limodzi mwa madera a mzinda wa Tete, akaona wophunzira wake akuonda, maganizo ake amathamangira ku zinthu ziwiri: njala kapena matenda. Sakulakwa. Chilala cha mu 2024 chinasiya nkhokwe zambiri za m'chigawo cha Tete zopanda kanthu, ndipo kafukufuku wa INSIDA wa mu 2021 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse azaka 15 kupita m'tsogolo ku Mozambique, oposa 12 ali ndi kachilombo ka HIV. Koma pali mwana wina amene kwawo ufa ulipo, kuchipatala anamuyeza osapeza kanthu, komabe nsima yake imabwerera kukhitchini atangoitsina kawiri. Pali winanso amene pagulu amakana chakudya, koma anthu akagona amadya mobisa mpaka m'mimba kupweteka, m'mawa n'kudzuka akudzida.

Ena mwa ana oterewa ndi anyamata okopeka ndi anyamata anzawo kapena atsikana okopeka ndi atsikana anzawo. Ena mumtima mwawo sadziona kukhala mwamuna kapena mkazi monga anawalembera pobadwa. Enanso amangoganiziridwa chabe chifukwa cha kayendedwe, mawu kapena kavalidwe kawo. Kafukufuku wa zaka zoposa 40 akusonyeza kuti anthu a m'magulu amenewa amavutika maganizo ndi kusokonekera kadyedwe kuposa anzawo, ndipo gwero lalikulu la vutoli ndi mmene anthu owazungulira amawachitira. Kwa ogwira ntchito ya maphunziro a zinenero ziwiri nkhaniyi ili ndi mbali yowakhudza mwachindunji: mwana amanyozedwa m'chinenero cha pakhomo ndi cha mumsewu, koma thandizo lambiri limamupeza m'Chipwitikizi.

Mtolo wa kusalidwa

Munthu aliyense ali ndi zomupanikiza: mayeso, kusowa kwa ndalama, maliro, matenda pakhomo. Mu 1981 Virginia Brooks wa ku America analemba buku lonena za akazi okondana ndi akazi anzawo, ndipo anasonyeza kuti munthu wa m'gulu losalidwa amasenza mtolo wina pamwamba pa umene aliyense amasenza. Katswiri wina, Ilan Meyer, anaikulitsa mfundoyi mu 1995 ndi mu 2003, ndipo lero imadziwika ndi dzina la Chingerezi lakuti minority stress. M'Chinyanja ingatchedwe mtolo wa kusalidwa. Mtolowu sutsika msanga pamutu, chifukwa umachokera ku miyambo, ziphunzitso ndi malamulo, zinthu zimene sizisintha tsiku limodzi.

Meyer anaugawa m'zigawo zinayi. Choyamba ndi zochitika zooneka: kunyozedwa, kumenyedwa, kuthamangitsidwa pakhomo, kumanidwa thandizo kuchipatala. Chachiwiri ndi kukhala moyembekezera zoipazo ngakhale pa tsiku limene palibe chachitika. Mnyamata amene anasekedwapo chifukwa cha kayendedwe kake, akamadutsa pamene anzake akhala pamthunzi, amawerengera phazi lililonse ndi kuyesa kulankhula ndi mawu a besi. Thupi lake limakhala ngati la munthu wothamangitsidwa, mtima ukugunda, usiku tulo osabwera. Chachitatu ndi kubisa. Kubisa kumateteza, koma kumatopetsa, pakuti munthu ayenera kukumbukira bodza lililonse limene ananena, ndipo poti sanauze aliyense chimene chikumuwawa, palibenso womutonthoza. Chachinayi ndicho chimalowa mkati kwambiri: mwana amene wakula akumva kuti anthu onga iye ndi onyansa kapena otembereredwa amayamba kukhulupirira mawuwo, n'kumadzinyoza yekha ngakhale pamene palibe womunyoza.

Mu 2012 Michael Hendricks ndi Rylan Testa anasonyeza kuti mfundo yomweyi imagwiranso ntchito kwa anthu amene sadziona monga anawalembera pobadwa. Kwa wophunzira wotere mtolo umaonjezeka tsiku ndi tsiku pa zinthu zimene ena saziganizira n'komwe: dzina loitanidwa m'kaundula, yunifomu, mzere wa anyamata ndi wa atsikana, chimbudzi cha pasukulu.

Kukopeka ndi mwamuna kapena mkazi mnzako si matenda. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachotsa nkhaniyi pa mndandanda wa matenda pa 17 May 1990, ndipo mndandanda watsopano umene unayamba kugwira ntchito mu 2022 suikanso kudziona mosiyana ndi mmene munthu anabadwira m'gulu la matenda a maganizo. Komabe mu 2008 Michael King ndi anzake ku London, ataphatikiza zotsatira za kafukufuku 25, anapeza kuti pamene anthu ena awiri akuvutika maganizo kapena nkhawa, pakati pa amuna ndi akazi okopeka ndi anzawo pamakhala atatu, ndipo oyesa kudzipha amachuluka kawiri.

Ngati si matenda, kusiyanaku kukuchokera kuti? Mu 2009 Caitlin Ryan ndi anzake anafunsa achinyamata 224 a ku California za mmene mabanja awo anawalandirira. Amene anakanidwa kwambiri ndi makolo anapezeka ovutika maganizo mochuluka pafupifupi ka 6, ndiponso oyesapo kudzipha mochuluka kuposa ka 8, poyerekeza ndi amene makolo awo sanawakane. Onse 224 anali a m'gulu limodzi. Chinawasiyanitsa ndi zimene anakumana nazo pakhomo. Kuno kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, Alex Müller ndi anzake anafunsa anthu pafupifupi 3,800 a m'maguluwa m'maiko 9, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2021 zinasonyeza kuti oposa theka anamenyedwapo kapena kugwiriridwa.

Lamulo linasintha, malilime sanasinthe

Ku Mozambique kukondana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha si mlandu. Malamulo a milandu a mu 1886, amene Apwitikizi anasiya, anali ndi ndime zolangira anthu amene ankati amachita zosemphana ndi chilengedwe. Ndimezi zinachotsedwa m'malamulo atsopano amene anayamba kugwira ntchito mu June 2015. Lamulo la ntchito la mu 2007 linali litaletsa kale kusala munthu pantchito chifukwa cha amene amakopeka naye, ndipo mu January 2014 mtsogoleri wakale wa dzikoli, Joaquim Chissano, analembera kalata atsogoleri a mu Africa yowapempha kulemekeza ufulu wa anthuwa. Lipoti la Afrobarometer la mu 2016 linapeza kuti anthu 56 mwa 100 aliwonse ku Mozambique sakanaona vuto kuyandikana nyumba ndi munthu wotere, pamene ku Malawi ndi ku Zambia chiwerengerochi sichinafike 10.

Ngakhale zili choncho, bungwe la Lambda, limene linayamba mu 2006 kuyankhulira anthuwa, linapempha kulembetsedwa ndi boma mu 2008 n'kudikira zaka zoposa khumi osavomerezedwa. Chigawo cha Tete nacho chili pamalo akeake. Chimachita malire ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo m'maiko onse atatu kugonana kwa amuna okhaokha ndi mlandu. Ku Malawi chilango chimafika zaka 14 m'ndende, ndipo mu June 2024 khoti linagamula kuti malamulowo apitirire kugwira ntchito. Mabanja a ku Angónia ndi ku Tsangano ali ndi abale tsidya la malire, amamvera wailesi za ku Malawi, ndipo ambiri amapemphera m'mipingo imene ili mbali zonse ziwiri. Mwana wolankhula Chinyanja atha kukula akumva tsiku ndi tsiku kuti anthu onga iye amamangidwa, osadziwa kuti lamulo la dziko lake silinena zimenezo.

Mzinda wa Tete, umene kalembera wa mu 2017 anapeza kuti uli ndi anthu oposa 300,000, unakula mofulumira chiyambireni migodi ikuluikulu ya malasha ku Moatize mu 2011. M'madera monga Samora Machel muli ophunzira amene anachokera kumaboma kudzapitiriza sukulu, ndipo amakhala kwa azakhali kapena amalume. Mwana wodyera pakhomo pa eni ake amadziwa kuti chinsinsi chake chikaululika, atha kutaya pogona, chakudya ndi sukulu pa tsiku limodzi.

Chifukwa chake vutoli limatulukira pa chakudya

Kusokonekera kwa kadyedwe kuli ndi maonekedwe angapo. Pali kudzimana chakudya mwadala mpaka thupi kutha, kumene madokotala amakutcha anorexia. Pali kudya kwambiri nthawi imodzi kenako n'kudzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba, kumene amakutcha bulimia. Palinso kudya mosadziletsa, mobisa ndi mwamanyazi, popanda kusanza. Achinyamata ambiri safika pa matenda enieniwa, koma amadumpha chakudya masiku ambiri, amamwa mapiritsi ochepetsa kapena onenepetsa thupi, kapena amalimbitsa thupi mopitirira muyeso. Zimenezinso zimawononga thupi limene likukula.

Mu 2007 Matthew Feldman ndi Ilan Meyer anapeza ku New York kuti mavutowa amapezeka kwambiri mwa amuna okopeka ndi amuna anzawo kuposa mwa amuna ena. Mu 2015 Elizabeth Diemer ndi anzake anaunika mayankho a ophunzira oposa 289,000 a m'makoleji a ku America. Mwa amene sadziona monga anawalembera pobadwa, pafupifupi 16 pa 100 aliwonse anati anawapeza ndi matenda a kadyedwe m'chaka chimenecho, pamene mwa atsikana okopeka ndi anyamata anali pafupifupi 2 pa 100. Ziwerengerozi ndi za dziko lina, la chakudya chochuluka, ndipo sizingatengedwe n'kuikidwa pa Tete. Chothandiza kwa mphunzitsi wa kuno ndi kudziwa njira zimene mtolo wa kusalidwa umafikira pa mbale.

Njira yoyamba ndi nthawi ya chakudya yeniyeniyo. M'mabanja ambiri a Achewa, Angoni ndi Anyungwe amuna amadya paokha, akazi ndi ana aang'ono paokha. Mtsikana ndiye amaomola nsima, kupereka madzi osamba m'manja ndi kutsuka mbale, pamene mnyamata akasinkhuka amakadya ndi bambo kapena amalume. Ndi pa nthawi imeneyi pamene banja limasiyanitsa mwamuna ndi mkazi poyera, ndipo mafunso amabwera pomwepo: chibwenzi chili kuti, bwanji ukukhala ngati mkazi, adzakukwatira ndani ndi makhalidwe amenewa. Mwana amene akubisa amapeza pothawira. Amati wadya kale kwa mnzake, kapena amafika mbale zitatsukidwa. Kusukulu amachitanso chimodzimodzi pa nthawi yopuma, kutalikira pamene anzake aunjikana kugula zitumbuwa ndi masau.

Njira yachiwiri ndi kufuna kulamulira chinthu chimodzi chokha. Mwana sangaletse anzake kumuseka, sangasinthe maganizo a makolo, sangasinthenso mtima wake ngakhale atapemphera ndi kusala kudya. Chimene angalamulire ndi chimene chikulowa m'kamwa mwake. Kwa amene anayamba kudzida, kudzimana chakudya kumasanduka chilango chimene amadzipatsa yekha. Njira yachitatu ndi yotembenuka: kudya kwambiri kumaziziritsa mtima kwa kanthawi, koma manyazi amene amatsatira amabweretsanso njala ya mtima yomweyo.

Njira yachinayi ndi thupi lenilenilo. Wachinyamata amene anabadwa mtsikana koma amadziona mnyamata atha kudzimana chakudya kuti mawere ndi mbina zisakule, kapena kuti msambo uleke, pakuti thupi likasowa mafuta msambo umaima. Kumeneku ndi kuwononga mafupa ndi mtima. Anyamata okopeka ndi anyamata anzawo nawo amaona pa Facebook ndi pa TikTok matupi opanda mafuta, a minofu yokhayokha, n'kuyamba kudziyeza nawo.

Njira yachisanu ndi imene mabuku a ku America sanena kawirikawiri. Kuno kunenepa kumatengedwa ngati chizindikiro cha mtendere ndi kupeza bwino, ndipo munthu woonda amanenedwa kuti ali ndi kachilombo. Mnyamata amene akunenedwa kale chifukwa cha kayendedwe kake, akaonda amanenedwa kawiri. Ena amathamangira mankhwala onenepetsa ogulitsidwa popanda chilolezo cha dokotala. Ambiri mwa mankhwalawa ali ndi cyproheptadine, amene amautsa njala koma amagonetsa, moti wophunzira amasinza m'kalasi.

Kadyedwe ndi maganizo zimakokerana pansi

Matenda ovutika maganizo amasiyana ndi chisoni cha masiku awiri. Munthu amakhala wokhumudwa kapena wosakondwa ndi chilichonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo, amatopa popanda ntchito, tulo timamuvuta, mutu sugwira, amadziona wachabechabe, ndipo nthawi zina amaganiza za imfa. Kusafuna kudya kapena kudya mopitirira ndi chimodzi mwa zizindikiro zake.

Njala nayo imayambitsa kuvutika maganizo. Mu 1944 ndi 1945 Ancel Keys wa ku Minnesota anayesa zimenezi pa amuna 36 athanzi amene anadzipereka okha. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ankawapatsa pafupifupi theka la chakudya chimene ankadya kale. Amunawo anayamba kukhumudwa, kupsa mtima msanga, kudzipatula ndi kumangoganiza za chakudya, ndipo atawabwezera chakudya ena ankadya mosadziletsa. Choncho mwana amene wasiya kudya chifukwa cha maganizo amaonjezera maganizowo ndi njalayo, ndipo zinthu ziwirizi zimakokerana pansi.

Mu 2009 Mark Hatzenbuehler anafotokoza kuti imodzi mwa njira zimene kusalidwa kumasandukira matenda ndi kubwereza chinthu chomwechomwecho m'mutu, usana ndi usiku. Olankhula Chinyanja anachitchula kale chimenechi: kuganiza kwambiri. Ashona amati kufungisisa, ndipo dokotala wa ku Zimbabwe, Dixon Chibanda, anatenga mawu amenewa pamene ankayambitsa Friendship Bench ku Harare mu 2006, ntchito imene agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi n'kumvetsera anthu ovutika maganizo. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anasonyeza kuti njirayi imachepetsadi matendawa.

M'kalasi zonsezi zimaoneka ngati ulesi. Mwana amajomba, amasiya kukweza dzanja, malikisi amatsika. Akalangidwa pamaso pa anzake, mtolo umaonjezeka.

Pamene chinenero chimalowerera

Tete ndi chimodzi mwa zigawo ziwiri zimene maphunziro a zinenero ziwiri anayambira ku Mozambique. Ntchito yoyesera ya PEBIMO, ya mu 1993 mpaka 1997, inaphunzitsa ana m'Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, komanso m'Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza, ndipo boma linayamba kukhazikitsa njirayi m'sukulu zake mu 2003. Amene anaunika makalasi amenewa, monga Carol Benson ndi Feliciano Chimbutane, anaona kuti ana akaloledwa kugwiritsa ntchito chinenero chawo amalankhula, amafunsa ndi kutsutsa. Kalembera wa mu 2017 anapeza kuti Chipwitikizi ndi chinenero choyamba cha anthu osakwana 20 mwa 100 aliwonse m'dzikoli. Ngati mwana amavutika kufotokoza masamu m'chinenero chachiwiri, n'kovuta koposa kufotokozamo chimene chikumuletsa kudya.

Vuto loyamba lili pa mawu otchulira anthuwa. Mawu akuti mathanyula amanena za mchitidwe, osati za munthu, ndipo amanenedwa monyansidwa. Pabwalo la sukulu pamamveka maricas ndi maria-rapaz. Mawu osanyoza, monga orientação sexual ndi identidade de género, ali m'mabuku ndi m'zikalata za Chipwitikizi. Choncho dzina loyamba limene mwana amamva lonena za iye limakhala chitonzo, ndipo m'chinenero chimene amaganizira ndi kupempherera alibe mawu odzifotokozera popanda kudzinyoza.

Vuto lachiwiri lili pa mafunso oyezera. Mu 2004 Daniel le Grange ndi anzake analemba za ophunzira osauka a ku South Africa amene mayankho awo pa pepala la mafunso a kadyedwe ankaoneka ngati a odwala. Atacheza nawo pamasom'pamaso, anapeza kuti ena ankavomera kuti amangoganiza za chakudya chifukwa choti analidi ndi njala. Funso limene linalembedwera anthu okhuta linapereka tanthauzo lina kwa mwana wogona ndi njala. Kumasulira mawu okha sikukwanira. Funso liyenera kuyesedwa pa anthu enieni amene adzaliyankhe. Mafunso 9 oyezera kuvutika maganizo otchedwa PHQ-9, amene limodzi mwa iwo limafunsa za kadyedwe, anayesedwa motere m'Chichewa ku Malawi ndi Michael Udedi ndi anzake mu 2019, ndiponso m'Chipwitikizi ku Sofala ndi Vasco Cumbe ndi anzake mu 2020.

Vuto lachitatu ndi womasulira. Mumzinda wa Tete anthu ambiri amalankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi. Mtsikana wobwera kumene kuchokera ku Macanga akapita kuchipatala ndi azakhali ake kuti amumasulire, amanena za mutu ndi m'mimba basi. Chimene chikumudwalitsa sangachitchule pamaso pa munthu amene amamusunga. Amabwerera ndi panado, ndipo m'buku la chipatala simulembedwa kanthu za maganizo.

Komatu Chinyanja sichisowa mawu a ululu. Wophunzira akanena kuti chakudya sichikulowa, mtima suli m'malo, mutu ukulemera, kapena kuti watopa nawo moyo, wanena zambiri. Mphunzitsi wodziwa zinenero ziwiri amamva mawu amenewa mmene alili, ndipo atha kuwafikitsa kwa wachipatala osataya tanthauzo.

Zimene sukulu ingachite

Aphunzitsi ali ndi zikhulupiriro zosiyanasiyana pa nkhaniyi, ndipo ambiri amazitenga ku mipingo ndi mizikiti yawo. Udindo woteteza wophunzira sudikira kuti onse agwirizane. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sanaikepo malire a kayendedwe kapena kavalidwe ka mwanayo.

Choyamba ndi kuletsa chitonzo pomwe chachitikira, m'chinenero chilichonse chimene chanenedwa. Mphunzitsi amene amadzudzula mawu oipa a Chipwitikizi koma n'kuseka nawo a Chinyanja kapena a Chinyungwe amaphunzitsa kalasi kuti m'chinenero cha pakhomo zonse n'zololedwa. Izi zimatetezanso ana amene amangoganiziridwa chabe.

Chachiwiri ndi kafunsidwe. Mwana woonda afunsidwe kaye, payekha, ngati kwawo kuli chakudya. Ngati chilipo, mafunso apite ku tulo, ku anzake, ndi ku mmene zinthu zilili pa nthawi ya chakudya pakhomo. Mphunzitsi safunikira kudziwa amene mwanayo amakopeka naye kuti amuthandize, ndipo asamufunse zimenezo. Asamayamikirenso kapena kunyoza thupi la wophunzira, kaya wanenepa kaya waonda.

Chachitatu ndi kusunga chinsinsi. Mwana akaulula yekha, kuthamangira kukauza makolo, mkulu wa sukulu kapena abusa kutha kumusowetsa pogona usiku womwewo. Makolo atha kuuzidwa kuti mwana sakudya ndipo akufunika chipatala popanda kuwauza zimene mwiniwake sanalole. Zinthu zing'onozing'ono nazo zimathandiza: mu 2018 Stephen Russell ndi anzake anapeza kuti achinyamata amene amaitanidwa ndi dzina limene anasankha okha, kusukulu, pakhomo ndi pakati pa anzawo, amavutika maganizo mochepa.

Chachinayi ndi kudziwa zizindikiro zosadikirira mawa: kukomoka, kuonda mofulumira, kusanza pafupipafupi, kudzicheka, kulankhula za imfa, kugawa katundu wake kwa anzake. M'miyezi ya October ndi November, pamene kutentha ku Tete kumapitirira madigiri 40, mwana wodzisanzitsa kapena womwa mankhwala otsegula m'mimba amatha madzi m'thupi msanga. Kufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumuikira ganizolo m'mutu. Kumamupatsa mpata wolankhula. Akavomera, asasiyidwe yekha mpaka atafika kwa wachipatala.

Chachisanu ndi kudziwa kotumiza. M'zipatala zambiri za boma muli chigawo cha achinyamata chotchedwa SAAJ, ndipo ku Hospital Provincial de Tete kuli ogwira ntchito za matenda a maganizo. Nambala yaulere ya Linha Fala Criança ndi 116. Potumiza mwana, sukulu ifunse ngati kuli wachipatala wolankhula chinenero chake, kuti wachibale asakhale womasulira.

Ntchito imodzi ndi ya aphunzitsi a zinenero ziwiri eni ake. Monga mmene amakhalira pansi pa misonkhano ya ZIP kugwirizana mawu a masamu ndi a sayansi, atha kugwirizananso mawu aulemu a Chinyanja ndi Chinyungwe onena za thupi, maganizo, kadyedwe ndi kusiyana kwa anthu, n'kuwayesa pa achinyamata asanawalembe m'mabuku. Sukulu za ku Mozambique zinasinthapo kale kachitidwe kamene kankaoneka kosagwedezeka: lamulo la mu 2003 lotumiza atsikana oyembekezera ku makalasi ausiku linathetsedwa mu December 2018, anthu atalidandaula kwa zaka zambiri. Kugwirizana mawu pa msonkhano wa ZIP sikudikira lamulo latsopano kuchokera ku Maputo, ndipo wophunzira wa ku Samora Machel amene nsima yake ikubwerera yosadyedwa atha kufunsidwa chifukwa chake sabata ino, m'chinenero chimene amalirira.